Chida chamagetsi sichidikira dzanja

Grinder yaing'ono ija yodulira ndi kupalira zitsulo, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi. Pa sekondi iliyonse ndi maulendo oposa 180. Munthu wabwinobwino, amene wagona tulo tokwanira ndipo sanalawe kanthu, amafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kuti diso lione choopsa, ubongo uzindikire, dzanja lichoke. M'kanthawi kameneko disiki ija yazungulira kale maulendo oposa 30. Sowo yamagetsi ndiye musanene. Bledi ya mano 24 yoyenda maulendo 5,000 pa mphindi imadutsitsa mano 2,000 pamalo amodzi sekondi iliyonse, moti chala chikakhudza, mano pafupifupi 400 amakhala atadutsapo mwiniwake asanachichotse.

Mmisiri akamati "ine ndimasamala", kawirikawiri amatanthauza kuti maso ake ali pantchito ndipo chikavuta alewa. Pa liwiro lotere kulewa kulibe. Sowo yamanja imaima ikangokhudza khungu chifukwa woikankha ndi yemweyo amene akumva ululu. Mota simva kanthu, fupa ndi thabwa kwa iyo n'chimodzimodzi. Choncho chilichonse chopulumutsa munthu chimakonzedwa chala chisanafike pa swichi: pamene waima, mmene chitsulo chapanidwira, kumene chingwe chadzera, ndi disiki imene wamangayo.

Zida zimenezi si zakalekale. Drill yamagetsi yonyamula m'manja inapangidwa ndi kampani ya Fein ku Stuttgart, m'dziko la Germany, mu 1895. Chogwirira chonga cha mfuti, chokhala ndi swichi yokoka ndi chala, chinabwera ndi Black & Decker mu 1917, ndipo grinder yothamanga imene tikuidziwa leroyi inatuluka mu 1954 ku kampani ya Ackermann + Schmitt. Zambiri zimene opanga akhala akuwonjezera kuchokera pamenepo, monga gadi yotchinga disiki, chogwirira cham'mbali ndi swichi yozima yokha mukaisiya, zinabwera chifukwa cha ngozi zimene zinkachitika mobwerezabwereza. Wochotsa gadi poti ikumutchinga maso amabweza chida chake ku nthawi imene ngozizo zinali zisanaphunzitse aliyense.

Magetsi opha munthu ndi ochepa kwambiri

Ambiri amaopa ma volts, pomwe chovulaza chenicheni ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa m'thupi. Amenewo amayezedwa mu ma amp, ndipo amp imodzi ili ndi ma milliamp 1,000. Milliamp imodzi munthu amangoimva kunyerenyesa. Akafika pakati pa 10 ndi 20, minofu ya mkono imakungika yokha, zala n'kufumbata chimene zagwira, moti munthu amafuna kutaya chidacho koma dzanja limakana. Amene anafufuza kwambiri zimenezi ndi Charles Dalziel wa ku University of California ku Berkeley, yemwe ankayeza magetsi ochepaochepa pa anthu odzipereka. Kupyola ma milliamp 50, ngati njira yake yadzera pachifuwa, mtima ukhoza kusokonezeka n'kumangonjenjemera osapopa magazi. Tsono taganizani kuti babu lakale lija la mawati 60 limakoka ma milliamp oposa 250.

Chimene chimatitchinjiriza tsiku ndi tsiku ndi khungu louma. Likanyowa ndi thukuta kapena madzi, mphamvu ya thupi yokaniza magetsi, imene imayezedwa mu ma ohm, imatsika kufika pafupifupi 1,000, ndipo pa magetsi a ma volts 230 pamadutsa ma milliamp 230. N'chifukwa chake drill yomwe inangomunyerenyesa munthu m'mawa ikhoza kumupha masana, atatuluka thukuta, ataima pa simenti yonyowa. Chida chimene chakupatsani kashoko kakang'ono si choti "chili ndi khalidwe lake" ayi. Magetsi akutulukira pamalo osayenera, ndipo chasiyana ndi tsiku la ngozi ndi kuuma kwa manja anu basi.

Pali chikhulupiriro chakuti fyuzi imateteza munthu. Fyuzi ya ma amp 13 imadikira magetsi opitirira ma milliamp 13,000 kuti iduke. Ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse n'kuyatsa nyumba. Choteteza munthu ndi kachipangizo kena, kamene m'maiko ambiri kamatchedwa RCD kapena earth leakage, pomwe ku America amati GFCI. Dalziel yemweyo ndiye anapanga mtundu wa ku America mu 1961. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi mbusa wowerenga mbuzi potuluka ndi polowa m'khola: kamayerekeza magetsi opita ku chida ndi obwerako. Akasiyana ndi ma milliamp 30, kapena pafupifupi 5 pa mtundu wa ku America, ndiye kuti ena athawira kwina, mwina m'thupi la munthu, ndipo kamadula magetsi m'kagawo kochepa ka sekondi. Alipo ma RCD ongolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi. Onse amakhala ndi kabatani koyesera, kawirikawiri kolembedwa T. Kadineni musanayambe ntchito. Magetsi akapanda kuzima, kachipangizoko kafa ngakhale kakuoneka katsopano.

Chida chokhala ndi thupi lachitsulo chimadalira waya wachitatu, wa earth. Waya wamoto akathothoka mkati n'kukhudza thupi la chidacho, earth ndi amene amapereka njira yachidule yopita pansi kuti fyuzi iduke msanga. Woduladula phini ya earth kuti pulagi ilowe m'soketi yachilendo, kapena wolowetsa mawaya opanda pulagi n'kutsekera ndi timitengo, wadzisandutsa yekha waya wachitatuyo. Zida zambiri zamakono zili ndi chizindikiro cha kabokosi kali mkati mwa kabokosi kanzake. Chimenecho chikutanthauza kuti zotchinga magetsi zili pawiri ndipo earth safunika, koma zimenezi n'zoona pokhapokha ngati pulasitiki yake ndi yathunthu. Yosweka n'kumangidwa ndi waya siwerengedwanso. Ku Britain anaona kuti malo omanga nyumba ndi onyowa komanso zingwe zimapondedwa, choncho kumeneko zida zambiri za pa zomangamanga ndi za ma volts 110, zolandira magetsi kuchokera ku thiransifoma yachikasu imene imachititsa kuti munthu akakhudza waya mmodzi alandire ma volts 55 okha.

Chingwe chowonjezera chili ndi zakezake. Chikasiyidwa chokulungidwa pa gudumu lake kwinaku chikudyetsa chida champhamvu, kutentha kumasowa kothawira mpaka pulasitiki imasungunuka mkati mosaoneka. Opanga amalemba manambala awiri pa gudumupo, mphamvu yololedwa chingwe chili chokulunga ndi imene chingapirire chitatambasulidwa chonse, ndipo yoyambayo ndi yochepa kwambiri. Chingwe chowonda koma chachitali chimafooketsa magetsi, mota n'kumatentha. Polumikiza popotokola mawaya n'kukulunga tepi pamalowa madzi, ndipo pamathothoka tsiku limene wina wakoka. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma la chida chamagetsi nthawi zambiri limanunkha ndithu: fungo la pulasitiki yopserera, moto wothetheka kwambiri m'mabowo a mota, kulira kosintha, pulagi yotentha poigwira. Chida chotere chizuleni.

Kulinso ngozi ina imene anthu saiganizira. Magetsi azima grinder ili mkati modula, swichi yake itakhomeredwa kuti iziyakabe. Mmisiri aiika pansi n'kupita kukaona chimene chachitika. Magetsi akabwera, grinder imadzuka yokha n'kuyamba kuthamanga pansi, pakati pa miyendo ya aliyense amene ali pafupi. Zida zina zatsopano zimakana kuyaka mpaka swichi itazimitsidwa kaye, koma zambiri zilibe nzeru imeneyo. Magetsi akazima, choyamba ndi swichi, chachiwiri pulagi. Posintha disiki, bledi kapena biti (kachitsulo kobowolera ka pa drill), pulagi izikhala pamene mukuiona, osati kuseri kwa khoma kumene mnzanu angailowetse poganiza kuti akuthandiza.

Disiki

Pa zida zonse, grinder ndi imene ndimaiopa kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi disiki. Disiki si chitsulo. Ndi timiyala tolimba tomatidwa ndi guluu wouma, tolimbitsidwa ndi ukonde wa ulusi wagalasi. M'mphepete mwa disiki ya mamilimita 115 mumathamanga makilomita oposa 230 pa ola, ndipo mphamvu yoikokera kunja imafuna kuiphwasula nthawi yonse imene ikuzungulira. Pa disiki iliyonse pamalembedwa malire a liwiro lake. Nambala imeneyo izifanana kapena kuposa ya pa grinder.

Apa ndi pamene chizolowezi chochotsa gadi kuti palowe disiki yaikulu chimaphera anthu. Disiki ya mamilimita 230 inapangidwira maulendo pafupifupi 6,600 pa mphindi. Ikamangidwa pa makina a 11,000, liwiro lakwera osafika kawiri, koma mphamvu yoiphwasula yakwera pafupifupi katatu, chifukwa mphamvuyo imakula mofulumira kuposa liwiro. Ikasweka, zidutswa zimauluka motsata mzere umene disiki imazungulira, ndipo nkhope, khosi ndi ntchafu za woigwira kawirikawiri zimakhala mu mzere womwewo. Gadi inaikidwa kuti igwire theka loyang'ana kwa inu. Imatembenuzika, choncho ngati ikutchinga ntchito, itembenuzeni, osaichotsa.

Yang'anani pa mphete yachitsulo ya pakati pa disiki. Pamakhala deti, chifukwa guluu uja amafooka pakapita nthawi, ndipo opanga ambiri amapereka zaka zitatu. Chinyezi chimafulumizitsa kufookako. Disiki imene yagwa pansi ikhoza kukhala ndi mng'alu wosaoneka ndi maso. Mukamanga yatsopano, iyatseni kaye osakhudzitsa kanthu kwa mphindi imodzi, mutaipatutsa kuti inu ndi anzanu musakhale mu mzere wake. Ikamagwedera, zimitsani. Ndipo madisiki alipo awiri osasinthanitsika: yodulira, yopyapyala mwina milimita imodzi, imagwira ntchito ndi m'mphepete mokha, pamene yopalira ndi yochindikala pafupifupi mamilimita 6 ndipo imapirira kukanikizidwa cham'mbali. Kupala pamene mwawotcherera ndi mbali ya disiki yodulira kumadya ulusi uja umene ukuigwira. Choipa kuposa zonsezi ndi kumanga bledi ya mano, yodulira matabwa, pa grinder. Mano akakola mfundo kapena msomali pa liwiro lotere, palibe dzanja limene lingagwire makinawo.

Kukola kumeneku n'kumene kumabweretsa ngozi zambiri za grinder ndi sowo zomwe. Mmene zimachitikira ndi motere. Mwagoneka paipi pa zotsamira ziwiri, mukudula pakati. Mukamayandikira kumaliza, paipi imayamba kugwera pakatipo ndipo mpata wodulidwawo umatsekeka n'kupana disiki. Disiki yaima, koma mota ikadali ndi mphamvu zake zonse, ndiye m'malo mozunguza disiki imaponya makina onse kumbuyo kapena m'mwamba. Mankhwala ake ndi kutsamiritsa chinthucho mwakuti chidutswa chodulidwa chigwere kunja, mpata uzitseguka. Chipanidwe mu vayisi kapena ndi zopanira, osati ndi phazi kapena dzanja la mnzanu. Manja onse awiri akhale pa makina, chogwirira cham'mbali chili pamalo pake, thupi litapatuka pang'ono pa mzere wodulawo. Osakankha ndi mphamvu. Disiki yabwino imalowa yokha, ndipo ikafuna kukankhidwa ndiye kuti yatha kapena si ya ntchito imeneyo.

Pa sowo yozungulira yonyamula m'manja, bledi izitulukira kunsi kwa thabwa pang'ono chabe, osapyola dzino limodzi. Gadi yake yakunsi imabwerera yokha ndi sipuling'i, ndipo amisiri ena amaimanga ndi waya kapena kuitsekera ndi kamtengo kuti isamavute. Bledi imazungulirabe kwa masekondi angapo mutasiya swichi, choncho sowo yotere ikaikidwa pansi imayenda chobwerera m'mbuyo, kudula chingwe chake kapena phazi. Pa sowo ya patebulo, kachitsulo koima kuseri kwa bledi n'kamene kamaletsa thabwa kutseka n'kuponyedwa m'mimba mwa wodula, ndipo thabwa lopyapyala limakankhidwa ndi kamtengo, osati zala. Mu 1999 Steve Gass wa ku America anatulukira njira imene inadzatchedwa SawStop, yozindikira khungu la munthu kudzera m'magetsi ochepa oyenda mu bledi n'kuimitsa bledi m'magawo osakwana 5 mwa magawo 1,000 a sekondi. Ndi luso lenileni, komabe limateteza chala chokha. Thabwa loponyedwa silingaletsedwe nalo.

Drill imaoneka yofatsa. Vuto lake ndi lakuti imakulunga chilichonse chimene yakola: mkono wa malaya, tsitsi lalitali, chingwe cha m'khosi, ndiponso magolovesi. Magolovesi ndi abwino ponyamula malata akuthwa, koma pafupi ndi chinthu chozungulira, makamaka pa drill yoima, amakoka dzanja lonse. Pobowola chitsulo chopyapyala, nthawi yoopsa ndi pamene biti ikutulukira mbali inayo. Imakola, ndiye mwina lata lizungulira ngati mpeni, kapena drill ipotokola mkono. Chepetsani kukanikiza mukamva kuti yatsala pang'ono. Amene ali pa makwerero adziwe kuti kupotokola kumeneku n'kokwanira kumugwetsa. Pobowola khoma, kumbukirani kuti mawaya obisika kawirikawiri amayenda molunjika m'mwamba, pansi kapena cham'mbali kuchokera pa soketi ndi swichi. Ndipo kiyi womangira biti asamasiyidwe pa drill, amauluka.

Zovulaza mwakachetechete

Ngozi zamagazi zimakambidwa. Zimene zimatenga zaka sizikambidwa kwenikweni, chikhalirecho zimagwira anthu ambiri. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, limati phokoso la ma decibel 85 munthu angalipirire maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka. Pa ma decibel 100, pamene grinder yodula chitsulo imatha kufika, nthawi yake ndi mphindi 15. Timinyewa ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kulira kwa m'makutu mukaweruka ndi chenjezo, ndipo wonena kuti "phokoso ndinalizolowera" nthawi zambiri wayamba kale kugontha.

Fumbi la konkire, njerwa, matailosi ndi miyala lili ndi silica, timchenga tolimba topezeka m'miyala. Loopsa ndi losaoneka lija, limene limafika mkati mwenimweni mwa mapapo n'kusiya zipsera zosapola. Matenda ake, silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amachititsa kuti munthu agwidwe msanga ndi chifuwa chachikulu. Ku Australia achinyamata odula miyala yopangidwa kufakitale, yoyala pamwamba pa makabati a m'khitchini, anadwala ochuluka mpaka dzikolo linaletsa miyalayo kuyambira pa 1 July 2024. Utuchi nawo si wosalakwa: bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linauika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1995. Kansalu komanga pamphuno kamagwira fumbi lalikulu lokha. Pamafunika chotchinga cholembedwa FFP2, FFP3 kapena N95, chogwira bwino nkhope, ndipo ndevu zimasiya mipata. Kudula ndi madzi kumagwetsa fumbi, koma kuzichitika ndi makina opangidwira zimenezo, olumikizidwa kudzera pa RCD.

Kunjenjemera kwa chida kumawononga mitsempha ya m'zala. Alice Hamilton analemba za vutoli mu 1918 atayendera osema miyala a ku Bedford, Indiana, amene ankagwiritsa ntchito nyundo zoyendera mpweya ndipo zala zawo zinkachita dzanzi n'kuyera kukazizira. Drill yoswera konkire ndi grinder zimachita zomwezo. Kupumira, kusinthana ntchito ndi kusafinya chogwirira kumathandiza.

Zida za batire zachotsa vuto la chingwe ndi shoko ya m'soketi, koma zimakhala zamoyo nthawi zonse. Kuzula pulagi kwake ndi kuchotsa batire. Batire ya lithium ikaphwanyika, ikatenthedwa kapena ikachajidwa ndi chaja yosakhala yake ikhoza kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Yotupa kapena yosweka isachajidwenso, ndipo isaponyedwe m'bokosi limodzi ndi misomali imene ingalumikize timano take.

Zikavuta

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire, chifukwa mugwidwa nonse. Zimitsani pa swichi yaikulu kapena zulani pulagi. Zikakanika, imani pouma n'kumukankha ndi thabwa louma kuti asiyane ndi chidacho. Ngati sakupuma, itanani thandizo ndipo yambani kukanikiza pakati pa chifuwa, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, kulowa masentimita 5 kapena 6, osaleka mpaka odziwa atafika. Amene wadzuka n'kumati ali bwino apitebe kuchipatala, makamaka ngati anakomoka, wapsa kapena akumva kupweteka pachifuwa, poti magetsi amawotcha mkati ngakhale pakhungu pataoneka kadontho kokha.

Bala lotuluka magazi ambiri likanikizeni mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osatsegulatsegula kuti muone. Chidutswa cha disiki cholowa m'thupi chisazulidwe; kanikizani m'mbali mwake. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, muchiike m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, pepalalo muliike m'madzi a ayezi, chala chisakhudzane ndi ayeziyo, ndipo chipite limodzi ndi mwiniwake.

Kachitsulo kakalowa m'diso, osatikita, osakachotsa ndi kamtengo kapena maginito. Tsukani ndi madzi oyera ambiri. Kakakanirira, phimbani disolo mosakanikiza n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri pa diso m'maola ochepa, ndipo dzimbirilo limavuta kuchotsa kuposa kachitsuloko. Magalasi oteteza maso amafunika okhala ndi zotchinga m'mbali, ndipo podula ndi grinder pamwamba pake pazibwera chotchinga nkhope yonse. Magalasi owerengera ndi a dzuwa sanapangidwire kumenyedwa ndi chitsulo; amasweka n'kuwonjezera zidutswa m'diso.